Njinga yopitira kuntchito komanso yokafikira nayo kwathu ku Nkhotakota: ndigule iti?

Wa pa Nsungwi:

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo ndisanataye ndalama zanga.

Ndimakhala ku Area 25 kufupi ndi msika wa Nsungwi, ntchito ndimagwira ku Area 4 pa kampani ina yosindikiza mabuku ndi makalendala. Chigwereni kwacha mu Novembala 2023 muja, thiransipoti ikundidya kuposa lendi, ndipo mafuta akangosowa kondakitala amatchula mtengo umene wamubwerera m'mutu nthawi yomweyo. Lachiwiri lapitali ndinaima pa siteji kuyambira 6 koloko mpaka cha m'ma 7, minibasi iliyonse ikudutsa yodzaza, wa njinga yamoto n'kumanditchulira ndalama yokwanira ndiwo za masiku awiri. Ndinafika kuntchito abwana atayamba kale kuyang'ana wotchi. Ndiye ndati basi, ndigule njinga yakapalasa. Ndayeza pa foni, kuchoka pakhomo kukafika pa geti la kuntchito ndi makilomita pafupifupi 15.

Koma pali china chimene mwina mundiseka nacho. Kwathu ndi ku Nkhotakota, kungopitirira Benga pang'ono. Malemu bambo anga anali ndi njinga ya Humber yakuda imene ankapita nayo ku Salima n'kubwerako tsiku lomwelo, ine ndili pa kaliyala nditakhalira kansanza. Chiyambire kuganiza zogula njinga, mtima ukungondiuza kuti pa tchuthi cha mu Julayi ndikafike kumudzi ndikupalasa ndekha. Akazi anga akuti ndapenga. Mwina akunena zoona.

Zimene ndaona ndi izi. Mu shopu ina mtauni muli njinga yatsopano yofiira, ya mashoko kutsogolo ndi kumbuyo, mabuleki a disiki, magiya 21. Kunena chilungamo imeneyi ndi imene yandigwira mtima. Pamsika pali zakuda zija za mtundu wa Phoenix ndi Hero, zopanda magiya. Ndaonanso za kaunjika zochokera ku Japan zokhala ndi basiketi kutsogolo. Ndiye pali mnzanga wa kuntchito amene akugulitsa mountain bike yake yakale, penti inasupuka, ilibe shoko, chishalo chinang'ambika, yangokhala m'khonde zaka ziwiri. Akufuna theka la mtengo wa yofiira ija.

Ndikufuna njinga imodzi yochita zonse ziwiri. Magiya ndi ofunikadi kapena ndi zamanyado? Nanga za thukuta mumatani inu amene mumapalasa popita ku ofesi?

Madala wa Masipoko:

Achimwene, yofiirayo isiyeni mu shopumo ikongoletse windo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ine ndakonza njinga pansi pa mtengo zaka zoposa 20 ndipo zoterezo zimabwera kwa ine zisanathe miyezi itatu. Shoko ya kumbuyo pa njinga yotchipa ndi sipuling'i chabe. Mukaponda pedulo, mphamvu ina imathera kukuvinitsani m'mwamba ndi pansi m'malo mokankha tayala. Polumikizira pake pamayamba kugwedera, njinga n'kumayenda ngati nkhanu. Choipa kwambiri kwa inu n'chakuti palibe pomangira kaliyala, ndiye mpunga wa kumudzi mudzaunyamula pamutu? Disiki yakenso ikangopindika pang'ono imalira njira yonse, ndipo timapadi take simukatipeza pa Benga.

Pitani mukaione bwino ya mnzanuyo. Tengani maginito a sipika yakufa muwagunditse pa felemu. Akamata ndiye kuti ndi yachitsulo, ndipo yachitsulo ikathyoka wowotcherera mageti aliyense akulumikizirani. Ya aluminiyamu maginito samata, ndi yopepuka inde, koma ikang'aluka kumudzi mwagona pomwepo.

Penti yosupuka isakuopseni. Yang'anani kunsi kwa paipi yaikulu, pafupi ndi pamene pamalowa foloko. Pakakhala makwinya kapena kotupa, njingayo inagundapo chinthu kutsogolo, isiyeni. Tengani ulusi, mumange pa malo olowera ekiselo ya kumbuyo mbali imodzi, muuzungulitse kutsogolo kwa felemu n'kubwerera nawo mbali inayo. Mpata wa pakati pa ulusi ndi paipi ya chishalo ufanane uku ndi uku. Ukasiyana kwambiri felemu inapotoka. Gwirani mapedulo onse awiri mugwedeze cham'mbali, mumve ngati mabolo a pakati anadyeka. Masulaninso chishalo muone ngati chikukwera ndi kutsika, chifukwa njinga yokhalitsa m'khonde dzimbiri limamata paipi imeneyo mpaka osatulukanso. Zina zonse, tcheni, mawaya, malabala a mabuleki, ndi zogula pamsika.

Tsopano nkhani imene anthu ambiri amagwa nayo ndi ya matayala. Wogulitsa akati "iyi ndi 26" musangovomera. Werengani nambala yolembedwa m'mbali mwa tayala. Ya mountain bike imathera ndi 559, mwachitsanzo 50-559. Za ku Japan zija nazonso zimatchedwa 26 koma zambiri n'za 590, zina 27 ndi za 630. Tayala la 559 silingalowe pa limu ya 590 ngakhale mutalipempherera. Zakuda zija za 28 ndi 635, pamene njinga zamakono zimene ena amazitchulanso 28 ndi 622. Ndaonapo munthu atagula matayala awiri atsopano n'kubwera nawo kwa ine akutukwana kuti limu yake ndi yolakwika. Mumsewu wa kunyanja mumapeza 635 paliponse, 559 m'matauni ang'onoang'ono ambiri. Zinazo n'zamwayi.

Gudumu la kumbuyo likhale la masipoko 36, ndipo mupite nalo kwa munthu wodziwa kulikunga. Masipoko amakonda kuduka mbali ya fuliwilo, timagudumu ta mano ta kumbuyo tomwe tcheni imayendapo, ndipo mbali imeneyo simungalowetse sipoko yatsopano osayamba mwachotsa fuliwiloyo. Gulani kachitsulo kochotsera kogwirizana ndi yanuyo muziyenda nako, sipanala yaikulu mukabwereka kulikonse. Masipoko anayi apadera muwamange pa felemu ndi malegeni.

Kabaza wa pa Kamuzu Road:

Madala alankhula bwino koma pa magiya ndiye sindikuvomera. Ife kuno ku Salima timanyamula munthu ndi thumba lake la chimanga pa njinga yopanda giya ngakhale imodzi, m'mawa mpaka madzulo, chaka ndi chaka. Magiya ndi matenda. Kachitsulo kosinthira magiya kolendewera kumbuyo kaja kakangogunda mwala kapena njinga ikagwera mbali imeneyo, kamalowa m'masipoko, ulendo wathera pomwepo. Yakuda ikavuta ndi kotapini kapena mabolo, ndipo zimenezi ngakhale pa okala ya kumudzi amagulitsa pamodzi ndi sopo. Ngati thumba likulola gulani Buffalo, kaliyala wake analembedwa kuti amanyamula makilogalamu 100, buleki ndi yopondera m'mbuyo, mulibe waya woti aduke. Kulemera imalemeradi, imapitirira makilogalamu 20, koma inu simukupita ku mpikisano.

Zitunda za ku Mvera mudzatsika n'kukankha, palibe manyazi. Bambo anu aja ankatani ndi Humber?

Chimene ndingakuuzeni poti ndine wakuno ndi mphepo. Mwasankha Julayi, nthawi ya mwera. Mukakhota pa Kaphatenga kuloza ku Nkhotakota mwera udzakhala kumsana, mudzaona ngati mwasanduka mnyamata. Pobwerera udzakuombani pachifuwa kuyambira pa Benga mpaka pa Kaphatenga, pamalo oti ndi posalala inu n'kumapalasa ngati mukukwera phiri. Nyamukani kusanache, nthawi zambiri umalimba dzuwa likakwera. Msewunso m'malo ena ndi wopapatiza, m'mbali munadyeka. Mukamva galimoto yaikulu kumbuyo ndipo kutsogolo kukubweranso ina, musadikire hutala, tulukani mupite m'dothi.

Mayi a ku 49:

Abambo onse akukamba za ulendo wa kamodzi pa chaka, koma njingayi muzikwera masiku asanu pa sabata. Ine ndi chaka chachitatu ndikupalasa kuchoka ku Area 49 kupita ku City Centre pa ya ku Japan ya magiya atatu obisika m'habu, pakati pa gudumu la kumbuyo. Zimene anena madala za matayala n'zoona, langa litatha ndinazungulira msika masiku awiri, mapeto ake ndinapeza lakale lomwe kwa wogulitsa njinga za kaunjika. Koma pa za ukhondo palibe yoiposa. Ili ndi madigadi ndi chophimba tcheni, ndimafika siketi ili yoyera. Mukatenga ya mnzanuyo muikitse madigadi mvula isanayambe, apo ayi muzifika ndi mzere wa matope kuyambira m'chiuno mpaka m'khosi. Mwendo wa thalauza wa kumanja muzipinda kapena kuumanga ndi kalabala.

Za thukuta: musabereke chikwama. Chikwama kumsana ndiye chimanyowetsa malaya. Mangani pa kaliyala. Palasani ndi tisheti, malaya ositasita muwapinde m'jumbo, kapenanso Lolemba mupititse a sabata yonse akakhale mu kabati. Nyamukani msanga ndi mphindi 15 kuti musathamange, mukafika khalani kaye thupi lizizire musanasinthe, kenako kathaulo konyowa ku bafa. Mu Okutobala ndiye palibe nzeru, mumangopirira.

Nyali musanyozere. Juni ndi Julayi kumada msanga, mukaweruka 5 koloko mdima ukupezani musanafike ku Kanengo. Yofiira kumbuyo, yoyera kutsogolo, zotchaja ngati foni zilipo zambiri, ndi kajekete konyezimira kaja. Helemeti valani ngakhale anyamata a pa siteji akusekeni. Amene ndimawaopa kwambiri ine si a malole koma a minibasi, amakupitirira n'kuima mwadzidzidzi pamphuno pako poti aona pasenjala. Ngati M1 ikukuopsani masiku oyamba, yesani kudzera Kaunda Road.

Ndipo yosupuka pentiyo ili ndi ubwino wina, akuba saiyang'ana kawiri. Komabe loko wa waya wochepa uja ndi chidole. Gulani tcheni kwa a hadiweya ndi loko weniweni, muzimanga felemu ku chitsulo chozikika, osati gudumu lokha. Alonda a pa geti muzipatsana nawo moni.

Wa pa Nsungwi:

Zikomo nonse. Ndabwera kudzapereka lipoti patha masabata atatu.

Ndinatenga ya mnzanga ija. Maginito anamata, ulusi unafanana, matayala ndi 559. Chishalo chinakana kukwera monga munanenera madala, tinachithira oyilo wakuda masiku awiri n'kuchipotokola ndi paipi, chinatuluka chikulira. Ndagula tcheni, mawaya, malabala a mabuleki, matayala awiri, kaliyala ndi madigadi, ndipo nditawerengera zonse ndatsala pang'ono kufika pa mtengo wa yofiira ija. Akazi anga anandiyang'ana osanena kanthu. Koma sabata ziwiri tsopano sindinakwere minibasi, ndimatenga mphindi 55 popita, pobwerera ola ndi kanthu chifukwa cha kukwera kuchoka ku Old Town. Mayi a ku 49, za chikwama zija munanena zoona zokhazokha.

Loweruka ndinati ndidziyese. Ndinamanga chigubu cha malita 20 chodzaza madzi pamwamba pa kaliyala kuti chikhale ngati katundu, n'kulowa msewu wa Salima. Poyamba zinali bwino. Nditayamba zitunda njinga inayamba kugwedeza mchira, ndikaimirira pa mapedulo imafuna kundigwetsa. Ndinasintha giya ndili pakati pa chitunda ndikuponda mwamphamvu, tcheni inalira kuti khwa n'kugwera mkati. Ndinaibweza ndi manja, girisi mpaka m'zigongono, ana ena ali pambali kundionerera ngati kanema. Ndinabwerera ndisanafike pa Chezi. Mawondo akupweteka kutsogolo, ndipo pokhalira sindinena, Lamlungu kutchalitchi ndinapemphera choimirira.

Ndiye ndayamba kukayika. Mwina achimwene a ku Salima ananena zoona kuti magiya ndi matenda? Ndikuganizanso zogula chishalo chachikulu cha siponji chija.

Mphunzitsi Wopuma:

Mwana wanga, musagule siponji. Ndinapalasapo kuchoka ku Lilongwe mpaka ku Nkhata Bay kawiri ndili ndi mphamvu zanga, ndipo zonse mwafotokozazi ndinazilawa. Njinga mwagula bwino, zolakwika ndi zitatu ndipo zonse n'zaulere kukonza.

Mawondo opweteka kutsogolo ndiye kuti chishalo chatsika. Khalani pa chishalo mutatsamira khoma, ikani chidendene pa pedulo ili pansi penipeni. Mwendo uwongoke. Mukamapalasa ndi kutsogolo kwa phazi, bondo lizipindika pang'ono chabe. Ambiri timafuna mapazi onse azifika pansi tili pa chishalo, n'chifukwa chake timapalasa ngati achule. Chishalo cha siponji chimakoma mphindi 20 zoyamba, kenako mumamira, chimatentha n'kuyamba kukupekesani. Cholimbirapo, chokhala mowongoka osapendekera kutsogolo kapena kumbuyo, ndicho chabwino pa ulendo wautali. Valani kabudula wopanda msoko wokhuthala pakati, pakani Vaseline musananyamuke, thupi lizolowera pakatha milungu ingapo.

Giya samasinthira pakati pa chitunda mwendo uli pa mphamvu. Sinthani chitunda chisanakugwireni, ndipo posinthapo fewetsani phazi, mapedulo azingozungulira. Ngati tcheni ikugwerabe mkati pali tizisikuluwu tiwiri tolembedwa L ndi H, madala akuonetsani.

Tsopano werengani mano a timagudumu tomwe tcheni imayendapo. Yakuda ya achimwene a ku Salima imakhala ndi mano cha m'ma 44 kutsogolo ndi 18 kapena 20 kumbuyo, kutanthauza kuti mukazungulitsa mapedulo kamodzi gudumu lazungulira kawiri ndi kanthu, kaya ndi posalala kaya ndi paphiri. Yanuyo mwina kagudumu kakang'ono ka kutsogolo kali ndi 28 ndipo kakakulu ka kumbuyo 28, ndiye kamodzi kwa kamodzi. Mukapeza fuliwilo ya 14 mpaka 34 ikani imeneyo ngati kachitsulo ka kumbuyo kakuifikira, mudzakwera phiri mutakhala pansi, pang'onopang'ono ngati woyenda wapansi koma osatsika. Akabaza ndi akatswiri, sindikuwatsutsa, koma iwo miyendo anaiumba zaka zambiri ndipo Salima ndi chigwa. Lilongwe ali pamtunda wopitirira mamita 1,000 pamene nyanja siifika 500. Popita mukapitirira mapiri a Dowa mumangotsetsereka, pobwerera zonsezo muzibweza, mpunga ndi nsomba zouma zili kumbuyo. Apo ndi pamene mudzathokoze giya yaing'ono.

Chigubu pamwamba pa kaliyala ndicho chinakugwedezani, chili m'mwamba komanso madzi akukhavuka. Katundu atsike m'mbali, agawike mofanana. Ine ndinapita kwa telala ndi lona wakale wa lole, anandisokera matumba awiri olumikizana pakati ongoyalika pa kaliyala, mkati ndinaikamo tizidutswa ta pulayiwudi kuti asalowe m'masipoko. Ena amadula zigubu ziwiri n'kuzimanga m'mbali, nazonso zimagwira ndipo sizilowa madzi. Ingoonetsetsani kuti chidendene sichikugunda. Pamwamba pazikhala zopepuka, bulangeti ndi neti ya udzudzu. Netiyo musaisiye, m'malo ogona alendo a kunyanja ina imakhala ndi mabowo olowa nkhuku.

Zida: machubu awiri, zigamba ndi selushoni amene simunatsegulepo chifukwa wotsegula amauma, pampu yogwirizana ndi valavu yanu (yesani kunyumba, mavalavu alipo mitundu itatu), zotsegulira tayala, ma allen key, sipanala ya 15, waya umodzi wa buleki, kachidutswa ka tcheni ndi chodulira chake, malegeni ambiri. Chidutswa cha tayala lakale chimapulumutsa tayala likang'ambika m'mbali. Madzi malita atatu, muzimwa ludzu lisanabwere, mapaketi awiri a Thanzi m'thumba. Chakudya musanyamule chambiri, nthochi, mbatata yootcha, mandasi ndi thobwa mupeza njira yonse, koma muzidya pafupipafupi. Njala ya pa njinga siichenjeza, mumangoona miyendo yazima.

Potsetsereka kupitirira Mvera musagwire mabuleki osalekeza, malimu amatentha. Gwirani, siyani, gwirani, onse awiri. Tsiku loyamba gonani pa Kaphatenga kapena pa Salima, ndi makilomita osapitirira 100 kuchoka kwanu, lachiwiri mukadyera nkhomaliro kumudzi. Pakali pano Loweruka lililonse muziwonjezera makilomita 10, mufike pa Chezi, kenako pa Mvera. Ndipo pobwerera mwera ukakukanikani, kukweza njinga pa matola si mlandu.

Kabaza wa pa Kamuzu Road:

Aphunzitsi, nkhani ya mano mwaiwerenga ngati masamu a Sitandade 8, ndagonja theka. Koma achimwene, tsiku limenelo mudzalembe pano. Ndidzakudikirani pa Kaphatenga ndi yakuda yanga tidzaperekezane mpaka pa Khombedza, tione amene ayambe kupempha madzi.

Wa pa Nsungwi:

Ndakweza chishalo ndi zala zitatu, lero mawondo ali zii. Fuliwilo ya 34 ndaipeza koma wogulitsa akuti tcheni yanga ifupika, ndiye madala ndikupezani Loweruka m'mawa, mundiuze mtengo wa mango umene mumakhala. Lona ndapempha kwa dalaivala wa kuntchito. Akazi anga asiya kunena kuti ndapenga, tsopano akuti matumbawo telala awasoke okwana makilogalamu 10 a mpunga mbali iliyonse, ndipo ndisaiwale ufa wa kondowole.